Mano Oyera a Madamu Mswachi

Anafika pasukulu ija akadali mtsikana, atanyamula sutikesi, ketulo ndi mano oyera mbee. Pa zinthu zitatuzi chimene ankachinyadira kwambiri chinali mano. Akamalankhula ankakweza milomo kuposa mmene mawu amafunira, kuti aliyense aone chimene kwawo amachitcha ukhondo.

Dera limene anawatumizalo linali louma, la nyumba zamalata zothithikana m'munsi mwa phiri lopanda mitengo. Madzi onse ankachokera pa mjigo wakuya umene unali kuseri kwa msika. Anali madzi ooneka bwino, ozizira, opanda fungo, ndipo anthu ankawatama kuti chikumbireni mjigowo matenda otsegula m'mimba anatheratu. Koma pafupifupi aliyense wobadwira kumeneko anali ndi mano amawanga. Ena anali achikasu, ena ofiirira ngati dzimbiri, ena okumbika timaenje. Eni ake anali atazolowera. Mphunzitsi watsopanoyo ndiye zinamulowa m'maso.

"Kodi ana awa ali ndi makolo?" anafunsa ahedi tsiku loyamba lomwelo. "Kapena amadzilera okha ngati mbuzi?"

Ahedi, amene mano awo sankasiyana ndi a anawo, anaika dzanja pakamwa n'kuyankha kuti kuno ndi mmene zilili, madamu.

"Ndi mmene zinalili," anatero iwo. "Ine ndabwera."

Kuyambira pamenepo Lolemba lililonse linasanduka tsiku la mano. Ana ankaima pamzere kutsogolo kwa bolodi, madamu n'kumadutsa ndi pensulo kudzanja lina, rula kudzanja linalo. Pensuloyo inali yotukulira mlomo wa mwana, poti chala chawo sichikanakhudza zoterozo. Rula inali ya pazala. Ndipo sankamenya mwakachetechete ayi, ankathirira ndi mawu.

"Pakamwa ngati pansi pa poto. Kwanu mswachi mumauona ngati chokongoletsera m'nyumba? Tseka msanga ndisanasanze."

Mwana akalira ankauzidwa kuti alire atatseka pakamwa. M'kalasi ya ana ambirimbiri ija, opulumuka anali ana a apolisi ndi a anamwino, amene makolo awo anangobwera kudzagwira ntchito. Amenewo ankawaimika pa desiki kuti anzawo aone mano a munthu. Madamu sanadzifunsepo chifukwa chake oyera mano onse anali obwera. Yankho anali nalo kale: obwera amachokera kwa anthu.

M'thumba la bulauzi, pamodzi ndi zolembera, ankayenda ndi mswachi wofiira, mutu wake utasuzumira kunja. Ana anawapatsa dzina loti Madamu Mswachi. Atalimva dzinalo sanakwiye. Analilandira ngati mendulo.

Tsiku lina kunabwera mayi wina wochapa zovala za anthu, atagwira dzanja la mwana wake, zala za mwanayo zitatupa. Anaima pakhomo la kalasi, manja akadali oyera ndi sopo.

"Madamu, mwanayu amatsuka. M'mawa ndi madzulo ndimamuyang'anira ndekha, mpaka nkhama zimatuluka magazi. Sakuyera ayi. Mukumupweteka chabe."

"Tatsegulani pakamwa panu, mayi."

Mayiyo, posadziwa chochita pamaso pa ana, anatsegula.

"Ndaona. Woyang'anira wake ndi ameneyu. Pitani mukapitirize kuchapa, mwina zovala ndiye zimakumverani."

Ana ena anaseka, poti mwana amaseka chilichonse chimene sichikugwera iye. Mayiyo anatembenuka n'kuchoka.

Munthu wotero mungaganize kuti akanadikira mwamuna wochokera kutali. Koma zaka zinkapita, a kutaliwo osabwera. Amene anabwera anali wokonza mawailesi wa pakhonde la sitolo ya nsalu, bambo wofatsa, wobadwira komweko, amene ankaseka ataweramitsa mutu ndi kuphimba pakamwa. Madamu anati amenewo ndiwo makhalidwe. Anamutengera wailesi yawo imene inalibe vuto lililonse, anaitenganso kachiwiri, ndipo chaka chisanathe anakwatirana. Wojambula zithunzi atati onse amwetulire, mkwatibwi anagwira mkono wa mkwati n'kunong'oneza kuti, "Inu ayi." Chithunzicho chinapachikidwa pabalaza: mkazi akuwala mano onse, mwamuna ali duu ngati wamva uthenga wa maliro.

M'nyumba imene anakalowamo munali apongozi awo, amayi a mwamunayo. Mayi aja sanali okalamba kwenikweni, koma msana wawo unali utauma ngati thabwa. Sankatha kuwerama kuti asese, sankatha kukhala pansi, ndipo akafuna kuona amene walowa ankatembenuka thupi lonse, khosi osasuntha. M'deralo akuluakulu otere analipo ambiri. Ankayenda pang'onopang'ono, miyendo ili tang'a, akudandaula mawondo ndi chiuno. Madamu anali ndi dzina la matendawo.

"Ndi ulesi umenewo, wangolowa m'mafupa. Munthu ukamagwira ntchito thupi limafewa."

Ankanena izi apongoziwo akumva, kwinaku akuwapatulira kapu yawoyawo, yolembedwa chizindikiro ndi penti ya m'zikhadabo, kuti isasakanikirane ndi za anthu.

Pa nkhani ya madzi madamu anali katswiri. Madzi akumwa sankangowawiritsa kuti abwate n'kuphula ayi. Ankawasiya pamoto mpaka ketulo itatsala theka, ati kuti tizilombo tife pamodzi ndi zidzukulu zomwe. Akatero ankapanga tiyi wakuda bii, kudzaza fulasiki yaikulu, n'kumamwa tsiku lonse m'chipinda cha aphunzitsi uku akuuza anzawo kuti iwo saika m'mimba mwawo madzi osaphika ngati ng'ombe.

Anabereka mwana mmodzi, wamkazi. Mano ake oyamba anamera oyera, ang'onoang'ono, ondandalikana bwino. Madamu anapeza umboni umene ankaufuna. Mwana wobadwira komweko, bambo ake a komweko, koma taonani. Ankapita naye kusukulu asanafike msinkhu woyamba sukulu, kumuimika patebulo pa asembule n'kumuuza kuti amwetulire.

"Uyu wabadwira kuno ngati inu nomwe. Kusiyana kwake n'kwakuti ali ndi mayi."

Ana anamutcha Kamswachi. Kamwanako kanali kansangala, kokonda kuimba, ndipo kankaganiza kuti anthu onse aja akukakonda.

Kenaka mano aja anayamba kuguluka, monga amachitira a mwana aliyense. Atsopano a kutsogolo anatuluka ndi zigamba zoyera ngati choko. Madamu anati ndi kuyera kopitirira, ndipo anaonetsa aneba. Patapita miyezi zigambazo zinayamba chikasu. Chikasucho chinada, n'kukhala mizere yofiirira yodutsa pakati pa dzino, chimodzimodzi ngati ya bambo ake, ngati ya ahedi, ngati ya mwana wa mayi wochapa uja.

Madamu anagula mswachi wolimba. Utalephera anayesa soda. Anayesa phulusa, mchere, makala osinja, madzi a mandimu. M'mawa uliwonse ankamupanikiza mwanayo pakati pa mawondo kuseri kwa nyumba, kumugwira chibwano n'kumapala ngati akukwecha sefuliya. Mwana ankalavula zofiira. Mano anayamba kumva kuwawa akakhudza madzi ozizira, m'mphepete mwake n'kumanyotsoka. Mawanga okha ndiwo sanasunthe.

Wolakwa anayenera kupezeka. Poyamba anali apongozi, ati ankamupatsa mwana maswiti mobisa. Apongoziwo atamwalira, mlandu unagwera mwamuna.

"Ndi magazi a kwanu awa. Ine ndinabereka mwana wabwinobwino, inu mwamuthira dzimbiri."

Wokonza mawailesiyo ankangoweramira ntchito yake, utsi wa mtovu ukukwera pamaso pake.

Chaka chimene mtsikanayo analowa m'kalasi ya amayi ake, sukulu yonse inadikira Lolemba loyamba. Ana anaima pamzere. Pensulo inayenda, rula inalira, mpaka madamu anafika pa mwana wawo. Akanatha kumudumpha. Akanatha kunena kuti belu latsala pang'ono kulira. Anaima pamenepo pensulo ili m'mwamba, ndipo kumbuyo mwana wina anatsokomola mwa chipongwe.

"Tsegula."

Mwana anatsegula.

"Tambasula dzanja."

"Koma amama, mwanditsuka ndinu m'mawa uno."

"Kuno kulibe amama."

Anamumenya kuposa onse, kuti wina asadzanene kuti Madamu Mswachi amakondera. Mtsikanayo sanalire. Anabwerera pamalo pake, n'kukhala, manja ali pansi pa desiki. Kuimba kunathera pomwepo. Anaphunzira kulankhula mlomo wam'mwamba osasuntha, ndipo mphunzitsi akafunsa funso limene iye ankalidziwa, ankayang'ana pawindo.

Madzulo a tsiku limenelo bambo ake anaona zala zija. Kwa nthawi yoyamba chikwatirane anazimitsa wailesi imene ankakonza n'kulankhula mawu athunthu.

"Mayi a mwana, Loweruka ndikupita naye kwa dokotala wa mano mumzinda. Simukufunsidwa, mukuuzidwa."

Madamu anati apita nawo, kuti akamufotokozere dokotalayo bwinobwino chimene chavuta, poti bambowo akakangoima ngati mtengo.

Dokotala wa mano anali bambo wadazi, wotopa ndi mzere wa odwala umene unafika mpaka panja. Anamukhazika mtsikanayo pampando, kuyatsa nyale, kuyang'ana pang'ono chabe, n'kufunsa kumene amakhala. Atamva, anagwedeza mutu.

"Mumamwa a pa mjigo?"

"Owiritsa," anatero madamu. "Ine ndine mphunzitsi."

"Chabwino, aphunzitsi. Ili si litsiro. M'miyala ya pansi m'madera ena muli mchere wotchedwa fulorayidi, ndipo umasungunukira m'madzi. Ukakhala wochepa umalimbitsa mano, n'chifukwa chake amauika m'mankhwala otsukira mano. Koma ukachuluka m'madzi amene mwana akumwa mano ake akadali m'kati mwa nkhama, manowo amatuluka atawonongeka kale. Mawangawa ali m'dzino momwemo. Mungatsuke mpaka mswachi kutha."

"Ndanena kuti ndimawiritsa."

"Kuwiritsa kumapha tizilombo. Uwu si kachilombo. Madzi akamaphwa pamoto mcherewo umatsala, ndiye mukawiritsa nthawi yaitali mukungouchulukitsa."

Madamu anakweza milomo. "Nanga angawa bwanji? Ndamwa madzi omwewo zaka zonsezi."

"Munabwera mano atakhwima kale. Mukanabadwira kumeneko akanakhala ngati a bambowa. Koma musadzitonthoze nazo, chifukwa mwa munthu wamkulu mcherewo umapita m'mafupa, ndipo pakapita zaka msana ndi mawondo zimauma. Pezani madzi ena, kaya amvula." Anaweramiranso m'kamwa mwa mwanayo, n'kukwinya nkhope. "Koma ndani wakhala akupala mano awa? Wachotsa ndi chikopa chochepa choteteza dzino chimene chinalipo."

Bambo anayang'ana pansi. Mtsikana, pakamwa pali yasa, anatembenuzira maso kwa amayi ake.

"Wantchito," anatero madamu. Wantchito anali asanalembepo chibadwire.

Anabwerera pabasi. Atatsika, asanalowe m'kanjira ka kunyumba, madamu anaima n'kuuza mwamuna wawo kuti zimene zanenedwa kuja zithere kuja.

"Koma ana a anthu akumwabe," anatero bamboyo.

"Mukufuna dera lonse lizindiloza chala? Dokotala mmodzi wadazi ndiye wasanduka boma? Ngati zili zoona, a zaumoyo adzanena okha. Ndi ntchito yawo."

Sabata yotsatira anagula mgolo waukulu n'kuuika pansi pa ngalande ya denga. Aneba atafunsa anati ndi wothirira maluwa. Maluwa pakhomopo panalibe. Madzi a mumgolomo ankamwa mwana, ngakhale kuti mano ake anali atapita kale, ndipo chilimwe chikafika pakati mgolo unkauma, onse n'kubwerera ku mjigo. Iwo eni tiyi wawo sanamusinthe. Za mafupa zija anazimva ngati mmene munthu amamvera wailesi ya m'nyumba ya eni.

Kusukulu tsiku la mano linatha popanda chilengezo. Lolemba linasanduka tsiku la zikhadabo ndi makolala a malaya, rula ili yomwe ija. Mswachi wofiira unachoka m'thumba la bulauzi, koma dzina linatsala. Ndipo chaka ndi chaka ankalandira ana atsopano, timano toyamba tili mbee, akuwaona pa nthawi yopuma akuthamangira ku ndowa ya madzi a pa mjigo imene inkakhala pakhonde. Ankawayang'ana uku akuthira tiyi m'kapu. Pakamwa pamene panali posatopa kunyoza panalephera kutulutsa chiganizo chimodzi chothandiza.

A zaumoyo anabweradi, patapita zaka, mtsikana uja ali kale ku sekondale. Anatunga madzi m'timabotolo, anapita, n'kudzabweranso ndi penti yofiira imene anapaka pa mjigo. Msonkhano unachitikira m'kalasi ya madamu, makolo atadzipanikiza m'madesiki a ana. Mlendo wa zaumoyo anafotokoza zomwe zija za dokotala wadazi, n'kuwonjezera kuti madziwo akhoza kuchapira ndi kusamba, koma kumwa ndi kuphikira ayi. Anaonetsa ndowa yosefera ya makala a mafupa a ng'ombe, ndipo anati mpopi wochokera kumtsinje ubwera, anthu apirire.

Atafunsa ngati pali wofuna kuwonjezera, Madamu Mswachi anaimirira. Anaimirira movutikira, atagwira m'mphepete mwa tebulo, koma mawu anali omwe aja a pa asembule.

"Ine ndikuthokoza alendowa. Ndakhala ndikunena zaka zonsezi kuti mano a ana a kuno ali ndi vuto. Palibe amene ankandimvera."

Kumbuyo kunali mayi wochapa uja, tsopano woyendera ndodo, ataima chifukwa m'desiki sakanakwanamo ndi msana wake wouma.

"Munkanena, madamu," anatero. "Munkanena ndi rula."

Anthu anaseka. Anaseka amuna a ndevu amene zala zawo zinkakumbukirabe, anaseka amayi obereka ana kumbuyo, ndipo tsiku limenelo palibe anaphimba pakamwa. Madamu anayang'ana mano onse aja, chipinda chodzaza, n'kukhala pansi pang'onopang'ono. Kunyumba anauza mwamuna wawo kuti anthu osaphunzira sayamika.

Ndowa yosefera anaikana poyera, ati iwo sangamwe madzi odutsa m'mafupa a nyama yakufa. Inalowa m'nyumba mwawo itakulungidwa m'thumba la simenti, n'kukakhala kuseri kwa chitseko cha kuchipinda.

Koma inafika mochedwa. Kuuma kunayambira m'chiuno, m'mawa podzuka. Kunakwera msana. Choko chikagwa pansi ankatuma mwana kuti atole, ati akumuphunzitsa ulemu. Kenaka mkono unakana kufika pamwamba pa bolodi, ndipo ankangolemba pakati pokha. Ana anazindikira msanga kuti madamu satembenuza khosi, moti kumbuyo kwawo kunasanduka msika. Rula inkafika mochedwa, mwana atachoka kale.

Kuchipatala anawajambula msana. Dokotala wa mafupa anakweza chithunzicho pa nyale n'kuwaonetsa.

"Mukuona mmene ayerera mafupawa? Ayera kuposa a munthu wamba."

Madamu anamwetulira, mano onse panja. Dokotalayo anachita kuwafotokozera kawiri kuti kuyerako ndiko kudwala: mafupa alemera, akhuthala, ndipo misempha yogwirizira msana yayamba kusanduka fupa. Anati akasiya madzi aja kuwawa kungachepe, koma chimene chauma chauma. Anawapatsa mapiritsi ochepetsa ululu ndi pepala la masewera olimbitsa thupi. Potuluka madamu anati dokotalayo ndi mwana, sanaone zambiri.

Anapuma pantchito nthawi yawo isanakwane. Pa mwambo wowatsanzika ahedi atsopano anawatcha mayi wa ukhondo, ana anaimba, ndipo makolo amene anabwera anali ochepa moti mipando yambiri inabwezedwa osakhalidwa.

Mwana wawo atamaliza sukulu anapita mumzinda, kumene anapeza ntchito yoyankha mafoni pakampani ina. Akuti mawu ake ndi okoma kwambiri, makasitomala amamufuna iye. Mano a kutsogolo anakawaphimbitsa kwa dokotala, koma amene anakumana naye amati akamaseka dzanja limathamangirabe pakamwa. Amaimbira foni bambo ake Lamulungu. Amafunsa kuti amama ali bwanji, ndipo bambo akati, "Ali pompano, talankhula nawo," netiweki imavuta.

Mpopi unabwera, ngakhale madzi amatuluka masiku amene afuna. Ana obadwa pambuyo pake ambiri ali ndi mano abwino, ndipo madamu akawaona amati mbewu imene iwo anafesa yayamba kubala.

Masiku ano amayenda ali chilili ngati mzati, mutu uli m'mwamba, moti mlendo amaganiza kuti ndi mayi wolemekezeka wa m'deralo. Nsapato amawaveka mwamuna wawo, atagwada, iwo akumuuza kuti wamanga molakwika. Tsiku lina posachedwapa bamboyo anapita kukagula zipangizo mumzinda, ndipo madamu pobwera kuchipatala anagwetsa kiyi pakhomo penipeni pa nyumba yawo. Anamuyang'ana ndi maso okha, poti khosi silikanalola. Anayesa kupinda mawondo, mawondo anakana. Anayesa kumukokera ndi ndodo ya ambulera, kiyi anangotsetserekera patsogolo. M'kanjiramo munkadutsa anthu, amayi ochokera kumsika, anyamata a njinga, pafupifupi onse odutsa m'kalasi mwawo, ndipo aliyense akanawatolera akanangopempha. Iwo anaponda kiyiyo ndi phazi n'kuima nji.

"Mwaswera bwanji, madamu? Simukulowa?"

"Ndikuwothera dzuwa. Adokotala anandiuza."

Dzuwalo linali la masana, lotentha mpaka malata kulira. Anaima pomwepo thukuta likutsika m'khosi, akuyankha moni wa aliyense mwaulemu wa aphunzitsi, mpaka mthunzi wa nyumba unawapeza. Mwamuna wawo anafika chakumadzulo ndi katoni pamutu, anaona, anatula katoniyo, n'kuwerama.

"Chotsani phazi, mayi a mwana."

"Mwachedwa," anatero iwo. "Ndipo kiyi ameneyu ndinakuuzani kalekale kuti mumumangirire chingwe."